Msonkho wa geni yaing'ono ukuwerengera zogulitsa, osati phindu

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga ochita geni kuno ku Blantyre, komanso ndi aphungu amene amavomereza malamulo a msonkho ku Nyumba ya Malamulo. Ine ndili ndi kashopu ka zolembera ku Limbe. Ndimagulitsa makope, mabolopeni, choko ndi mapepala, ndipo pakona pali makina a fotokope amene amandidyetsa miyezi imene sukulu zatsekera. Sukulu ya zowerengera ndalama sindinapiteko. Zomwe ndilembe pano ndazidziwa pokhoma msonkho ndekha, pofunsa m'maofesi, ndi pomva madandaulo a amayi anzanga kubanki mkhonde yathu, komwe nkhani ya msonkho ikangoyambika ngakhale msungichuma amasiya kuwerenga ndalama n'kuyamba kulongolola nawo.

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Ine layisensi ndinadula kale kukhonsolo, za msonkho ndinathana nazo." Pepani amayi, simunathane nazo. Layisensi ya bizinesi imene timadula ku Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, ku Civic Centre ku Chichiri kuja, ndi chilolezo chochitira malonda pamalo pomwe mulipo, ndipo chimatha pakapita chaka. Tiketi ya mumsika ya tsiku ndi tsiku nayonso ndi ya khonsolo, chimodzimodzi ma city rates amene eni nyumba amalipira. Ndalama zimenezo sizifika ku MRA. Bungwe la MRA, lomwe linayamba ntchito mu 2000 ndipo likulu lake ndi Msonkho House mtauni momwemuno, limatolerera boma lalikulu, ndipo likamakufunani silifunsa zoti kukhonsolo munalipira kapena ayi. Setifiketi ya dzina la bizinesi yochokera kwa Registrar General, imene ambiri timaiika mufulemu n'kuikoleka pakhoma, nayonso si umboni wa msonkho. Ku MRA amakudziwani ndi nambala yanu ya wokhoma msonkho, TPIN ija, ndipo kulembetsa kwake n'kwaulere. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akutengereni TPIN, dziwani kuti ndalamayo ndi ya iyeyo.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si chimenecho. Nkhani ili pa mmene msonkho wa geni zing'onozing'ono umawerengedwera.

Kale tinali ndi turnover tax, ya K2 pa K100 iliyonse imene wagulitsa. Mu bajeti ya 2021/22 boma linaichotsa n'kubweretsa presumptive tax, ya mabizinesi amene zogulitsa zawo sizipyola K12.5 miliyoni pachaka. Mmene anaikhazikitsira nthawi imeneyo, wogulitsa zosapyola K4 miliyoni sakhoma kanthu. Kuchokera pamenepo kulekeza K7 miliyoni amakhoma K110,000 pachaka, kulekeza K10 miliyoni amakhoma K170,000, ndipo gawo lomaliza, lolekeza K12.5 miliyoni, amakhoma K225,000. Ubwino wake ndiuvomereza. Munthu sufunika akauntanti, umangodziwa gawo lomwe ulimo n'kukalipira. Kwa mayi amene sukulu analekezera Sitandade 8, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Vuto n'lakuti anthu akamva mawu akuti miliyoni amaganiza kuti akunena anthu olemera a ku Namiwawa. Amati, "Ine K4 miliyoni ndinaionapo kuti?" Munaiona amayi, inadutsa m'manja mwanu pang'onopang'ono osaizindikira. Msonkhowu sukuyang'ana ndalama imene mwatsala nayo m'chikwama, ukuyang'ana ndalama yonse imene makasitomala akupatsani, mpamba ndi phindu pamodzi. Tiwerengere limodzi. Shopu yotsegula Lolemba mpaka Loweruka imagwira ntchito masiku ngati 312 pachaka. K4 miliyoni mukaigawa ndi masiku amenewo ikubwera K12,800 ndi kanthu patsiku. Ndi okala iti ku Bangwe kapena ku Zingwangwa imene sigulitsa K13,000 patsiku masiku ano, pomwe munthu mmodzi wogula shuga, mafuta ophikira ndi sopo angathe kuikwanitsa yekha? Nanga K12.5 miliyoni ija, imene imamveka ngati ya eni mafakitale a ku Makata, ikubwera K40,000 yokha patsiku.

Tsono onani mmene zimakhalira kwa anthu awiri. Tiyerekeze mayi wa golosale ku Bangwe amene wagulitsa katundu wa K9 miliyoni pachaka. Katundu wa golosale aliyense amadziwa mtengo wake, ukangoonjezera K50 pa shuga kasitomala wapita kwa neba. Tinene kuti pa K100 iliyonse amapindula K10. Phindu lake lonse ndi K900,000. Lendi ya shopu ikakhala K40,000 pamwezi, K480,000 yapita kwa alandilodi. Atsala ndi K420,000, magetsi asanalipire, layisensi asanadule, wakabaza womunyamulira katundu kuchokera kumahoselo a ku Limbe asanamupatse yake. Pamenepo ndi pomwe akuchotsapo K170,000 ya msonkho. Ndiye tiyerekezenso mtsikana wa saluni ku Ndirande amene walandira K6.5 miliyoni pachaka. Katundu wake wamkulu ndi manja ake. Mankhwala a tsitsi ndi magetsi akachotsapo, mwina theka la ndalamayo ndi lake. Iyeyo akhoma K110,000. Wopeza zambiri wakhoma zochepa, wopeza zochepa wakhoma zambiri, ndipo onse awiri atsatira lamulo. Sindikuchitira nsanje mwana wa saluniyo ayi, manja amatopa nawo. Ndikungonena kuti muyeso umodzi sukukwanira geni zosiyana chonchi.

Palinso kulumpha kwa pamalire. Wogulitsa K3.9 miliyoni sakhoma kanthu, koma wogulitsa K4.1 miliyoni akhoma K110,000. Kusiyana kwa zogulitsa zawo ndi K200,000, ndipo phindu la K200,000 imeneyo kwa munthu wa golosale mwina ndi K20,000. Kuti apeze K20,000 wataya K110,000. Munthu woganiza bwino atani pamenepo? Adzayamba kulemba zochepa, kapena kusalemba n'komwe, kapena kugawa shopu pawiri, ina m'dzina la mwamuna ina m'dzina la mlamu. Anthu awa si mbava. Ambiri ndi amvano kumipingo kwawo. Koma lamulo likaika chilango pa kukula, anthu amaphunzira kuoneka aang'ono.

Chimene chaonjezera ululu ndi kugwa kwa kwacha. Manambala ndatchulawa anaikidwa mu 2021. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti. Mapepala amene ine ndimagulitsa amachokera kunja, inki ya makina imachokera kunja, ngakhale bolopeni. Mtengo wopikulira unakwera, nanenso ndinakweza, apo ayi mpamba ukanatha. Makatoni amene ndimagulitsa pa temu sanachuluke, mwinanso anachepa chifukwa makolo tsopano amagula makope awiriawiri m'malo mwa dazeni. Shopu ndi yomweyo, mashelefu ndi omwewo, wantchito ndi mmodzi yemweyo. Koma papepala zogulitsa zanga zinafufuma mpaka kudutsa K12.5 miliyoni, ndipo lamulo linandichotsa m'gulu la ang'onoang'ono n'kundiika m'gulu la okhoma msonkho wa pa phindu. Ndinakwezedwa udindo ndi mitengo, osati ndi malonda.

Anzathu apantchito zolembedwa nkhani imeneyi anaimvetsa kalekale, ndipo ali ndi mabungwe owalankhulira. Gawo la malipiro losadulidwa PAYE, msonkho wa pa malipiro, analikweza kufika pa K100,000 pamwezi mu 2020, kenako K150,000 mu 2024, chifukwa aliyense ankaona kuti ndalama ya dzana sigulanso zomwe inkagula. Nzeru yomweyo igwire ntchito kwa ife. Malire a presumptive tax aziunikidwa chaka ndi chaka pamodzi ndi a PAYE, molingana ndi kukwera kwa mitengo, ndipo gawo loyamba likhale lokwera pang'onopang'ono m'malo molumpha kuchoka pa ziro kufika pa K110,000.

Kwa anzanga amene mwadutsa malire ngati ine, musathe mpweya. Kwa wogulitsa katundu wa phindu lochepa, msonkho wa pa phindu nthawi zina umakhala wachilungamo kuposa wa pa zogulitsa, chifukwa umalola kuchotsa mtengo wopikulira, lendi, magetsi, malipiro a wantchito ndi mayendedwe a katundu. Koma umafuna umboni, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri timagwera. Pali mahoselo ena amene amakufunsa monong'ona kuti, "Mukufuna ndi lisiti kapena opanda?" ndipo wopanda lisitiyo amatsikirako pang'ono. Tsiku limenelo umaona ngati wapindula. Pakutha kwa chaka, ukamati katundu uyu ndinamugula K6 miliyoni, akakufunsa pepala ulibe, ndipo ndalama imene sungaitsimikize sangaichotse. Ukhoma msonkho pa mpamba wako womwe ngati kuti linali phindu. Kachidutswa kamene unapulumutsa pa kauntala paja kamabwezedwa kangapo.

Ine ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndimalembamo zolowa kumanzere, zotuluka kumanja, tsiku lililonse ndisanatseke chitseko. Malisiti ndimawabaya pawaya, mwezi ukatha ndimawamanga ndi labala n'kulemba dzina la mweziwo. Malisiti a makina amafufutika akakhalitsa, makamaka nyengo yotentha ya October, choncho akuluakulu ndimawajambula pafotokope, poti makinawo ndi anga omwe. Wangolo ndi wakabaza sapereka lisiti, koma ndimalemba tsiku, ndalama ndi katundu amene ananyamula. Chinanso chimene ndingalangize aliyense ndi kusiyanitsa foni ya shopu ndi ya pakhomo. Tonse tsopano timalandira ndalama pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Ngati nambala yomwe makasitomala amalipirira ndi yomwenso achimwene a ku Johannesburg amatumizira ya fetereza wa amayi kumudzi, ndi yomwenso anthu a m'dera amasonkhera chipepeso pamaliro chifukwa inu ndinu msungichuma, tsiku lina mudzavutika kufotokoza kuti iti ndi ya malonda, iti ndi ya maliro. Simu khadi yachiwiri si yodula.

M'gulu limeneli msonkho sudikira kutha kwa chaka. Pali provisional tax, imene umalipira miyezi itatu iliyonse poyerekeza phindu lomwe ukuyembekeza, ndipo pofika kumapeto zimene walipirazo ziyenera kukwana 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho. Kenako fomu yofotokoza za chaka chonse iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha. Ukachedwa pali chindapusa, ndipo chindapusacho sichimva zoti malonda sanayende. Ngakhale chaka chimene waluza, fomu imafunikabe. Ambiri amaganiza kuti ngati palibe cholipira ndiye palibenso cholemba, n'kungokhala chete zaka zitatu, tsiku lomwe adzafune tax clearance, chikalata chosonyeza kuti za msonkho wawo zili bwino, kuti apikisane nawo pa tenda n'kupeza ngongole ya zindapusa ikuwadikirira. Kumbukiraninso kuti chaka cha boma chinasintha. Kale chinkayamba pa 1 July, koma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndipo malamulo atsopano a msonkho nthawi zambiri amayamba kugwira ntchito ndi chaka chimenecho.

Ndionjezepo pang'ono za anyamata athu amene amathamangira kulembetsa kampani kuti dzina lithere ndi "Limited", poti limamveka bwino pa Facebook. Kampani imakhoma 30 peresenti pa phindu lake kuyambira kwacha yoyamba. Munthu wochita bizinesi m'dzina lake amawerengeredwa ngati munthu, ndi gawo lija losakhomera msonkho. Kampani ili ndi ubwino wake, makamaka ukafuna kugawana umwini ndi ena kapena kuteteza katundu wa pakhomo ku ngongole za bizinesi, koma si chovala chongotchenera.

Tsopano za withholding tax, imene yalizapo amayi ambiri amene ndimawadziwa. Ukapereka katundu kusukulu, kukampani, kubungwe kapena kuofesi ya boma, sakupatsa ndalama yonse ya pa invoisi. Lamulo limawauza kuti adule 3 peresenti pa katundu n'kuipereka ku MRA m'dzina lako pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ikakhala ntchito ya manja kapena ya luso, osati katundu, nthawi zambiri amadula 20 peresenti. Tsiku loyamba kuona cheke chopereweracho munthu umaganiza kuti akauntanti wakubera. Sanakubere. Ndalamayo ndi msonkho wako womwe umene walipiriratu, ndipo pakutha kwa chaka imachotsedwa pa zomwe uyenera kukhoma. Koma imachotsedwa pokhapokha pali umboni woti inadulidwa ndipo inafikadi. Sukulu ina yoima payokha, dzina ndisatchule, inandidula bwinobwino pa makope a temu yonse, koma setifiketi yake ndinaiyendera mpaka alonda a pageti anayamba kundipatsa moni ngati kholo la mwana wa pomwepo. Lero abwana kulibe, mawa makina avuta, mkuja bwerani Lachisanu. Pakanapanda kuumirira, ndalama imeneyo ndikanaikhoma kawiri. Kuyambira pamenepo, ndisanapereke katundu ndimafunsiratu kuti setifiketi idzatuluka liti ndipo adzasaina ndani, ndipo TPIN yanga ndimailemba pa invoisi ndi zilembo zikuluzikulu.

Musaipeputse 3 peresentiyo poti nambala yake ndi yaing'ono. Amaidula pa mtengo wonse, osati pa phindu. Ngati pa katundu wa K1 miliyoni phindu lako ndi K100,000, akadula K30,000 ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lako lagwidwa mpaka chaka chithe, pomwe iwe ukufuna kukaoda katundu wina mawa. Pali setifiketi yokhululukira munthu kudulidwa msonkhowu, imene MRA imapereka kwa amene mbiri yawo ya msonkho ili bwino. Makampani akuluakulu amaidziwa ndipo amakhala nayo. Ife amene mpamba wathu ndi wochepa, amene tikuifunitsitsa kuposa iwo, ambiri sitinamvepo kuti ilipo.

Pa VAT pali chisokonezo cha mtundu wina. Msonkhowu unalowa m'malo mwa surtax mu 2005, ndipo tonse timaulipira tikamagula katundu wambiri wa m'mashopu. 16.5 peresenti ndi imene tinaizolowera kwa zaka zambiri, koma nayonso boma limatha kuisintha, choncho yang'anani pa lisiti lanu la lero. Chofunika kudziwa n'chakuti si aliyense amene amaloledwa kuika VAT pa invoisi yake. Ndi okhawo amene analembetsa. Mu 2021 malire okakamiza kulembetsa anawakweza kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni ya zogulitsa pachaka. Ndinaonapo mnyamata wosindikiza mabanala akuonjezera VAT pa koteshoni yake chifukwa anaona anzake akutero, akuti zimaoneka za pamwamba. Kutolera VAT usanalembetse ndi mlandu. Komanso wosalembetsayo VAT imene walipira popikula sangaiitanitse, imangolowa mu mtengo wa katundu wake, n'chifukwa chake nthawi zina shopu yaikulu imatha kugulitsa motchipa kuposa ife ngakhale tapikula malo amodzi.

Amene analembetsa nawo ali ndi mtolo wawo. Ndalama ya VAT imene kasitomala wakupatsa si yako, wangosungizidwa, ndipo pofika pa 25 mwezi wotsatira iyenera kupita kwa mwini wake utachotsapo imene iwe unalipira pogula. Ikakhala mu kabati limodzi ndi ndalama zina imaoneka ngati mpamba, munthu n'kukaodera katundu, pa 25 pafika alibe. Choopsa kwambiri n'chakuti VAT imawerengedwa ukangotulutsa invoisi, kaya kasitomala walipira kaya sanalipire. Amene amapereka katundu kumaofesi olipira pakapita miyezi isanu ndi umodzi akudziwa chimene ndikunena. Umakakongola kwa akatapila kuti ulipire msonkho wa ndalama imene sunailandire. Makina a EFD otulutsa malisiti, amene anabwera mu 2014, ndi njira ya EIS yotulutsa mainvoisi pa intaneti imene ikulowa m'malo mwake, zonsezi ndi zothandiza boma kuona zogulitsa msanga. Ine sindikutsutsa zimenezo. Ndikungofunsa kuti changu chomwecho chiziyendanso kumbali yolipira anthu amene apereka katundu.

Za antchito ndidutsepo mwachangu. Ukalemba munthu ntchito ndipo malipiro ake apyola gawo losadulidwa lija, udindo wodula PAYE ndi kukaipereka pofika pa 14 ndi wako. Pali levi ya TEVET, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, ya 1 peresenti ya malipiro onse, imene imachokera m'thumba mwa bwana, ndiponso penshoni, 10 peresenti bwana 5 peresenti wantchito, imene si msonkho koma imatuluka m'kabati momwemo. Amene mumakaoda ku Dar es Salaam kapena ku Joni n'kulowera pa Songwe, pa Dedza kapena pa Mwanza, muli ndi nkhani yanu ya kasitomu, kuphatikizapo advance income tax ya pa katundu wolowa m'dziko. Sungani mapepala a pachipata, chifukwa imeneyo nayonso ndi msonkho wolipiriratu umene uyenera kudzachotsedwa pa wa kumapeto kwa chaka.

Mwina Akonzi mungafunse kuti nanga anthu osangopita kukafunsa bwanji, poti safunsa anadya phula. Yankho lake ndi mantha, ndipo manthawo ali ndi mbiri. Malemu bambo anga ankasimba za msonkho wa mutu, mmene amuna ankagonera kuthengo akamva kuti amesenjala afika m'mudzi, mmene munthu ankatsitsidwira mubasi chifukwa chosowa kakhadi ka msonkho. Agogo awo anaona msonkho wa nyumba wa atsamunda, umene unkakankhira anthu kukagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje kuti apeze ndalama yokhomera. Msonkho wa mutu unatha m'zaka za m'ma 1990, koma ana amene anakula akumva nkhani zimenezo ndife amene tili m'mashopu lero. Galimoto yachilendo ikangoima pamsewu, mphekesera imathamanga kuposa galimotoyo, ndipo zitseko zimatsekedwa mzere wonse. Munthu wotero sangalowe yekha muofesi ya msonkho kukati ndabwera kudzafunsa. Amaopa kuti akangolemba dzina ndiye kuti wadzipereka.

Mantha amenewa ndi amene amadyetsa adobadoba. Pali anthu ovala bwino, chikwama m'khwapa, amene amayenda m'mashopu kumati, "Ndimadziwana nawo m'katimo, ndikukonzerani." Mnzanga wina wogulitsa nsalu ankamupatsa munthu wotere ndalama miyezi itatu iliyonse kuti akamulipirire, n'kumalandira mapepala a zidindo zooneka bwino. Tsiku limene anafuna tax clearance anapeza kuti palibe ngakhale tambala imene inafika. Munthuyo foni anazimitsa. Ndalama ya msonkho imalipiridwa kubanki kapena pa njira zimene MRA inakhazikitsa, pa TPIN yako, ndipo pa Msonkho Online munthu ungathe kuona wekha zimene zalembedwa m'dzina lako. Ngati kompyuta simuidziwa, mwana wanu wa Fomu 3 akuthandizeni inu muli pompo, koma pasiwedi musampatse munthu wa mumsewu. Akauntanti enieni alipo, ndipo wabwino amakupatsa pepala la kubanki kuti ukalipire wekha, iye n'kulandira ya ntchito yake yokha.

Funso loti ndalama tikukhomazi zimakagwira ntchito yanji, poona misewu ya m'makwalala athu ndi mankhwala m'zipatala, ndi lalikulu ndipo anzanga amalifunsa mokwiya. Ndi la kalata ina. Ndingoti munthu amene ali ndi lisiti la msonkho m'manja amalifunsa ndi mawu okwera kuposa amene akubisala kuseri kwa kauntala.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi tsamba limodzi lokha, m'Chichewa, sabata yoyamba ya April chaka chilichonse. Musatilembere mawu a nduna onse, amenewo timawamva pawailesi. Tilembereni kuti chaka chino malire a presumptive tax ndi awa, a VAT ndi awa, withholding pa katundu ndi iyi, pa ntchito ndi iyi, pa lendi ndi iyi, masiku olipirira ndi awa. Manambala amenewa amasintha ndi bajeti, nthawi zina ngakhale pakati pa chaka, ndipo ambirife timamva mochedwa kudzera kwa munthu amene nayenso anamva kwa wina. Mulembenso zogulitsa za patsiku pambali pa za pachaka, monga ndachitira pamwambapa, chifukwa ife timaganiza za patsiku. Tsamba lotero tingalidule n'kulimata kuseri kwa chitseko.

Kwa a Unduna wa Zachuma, chaka chilichonse bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo mumachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Imachitikira m'mahotela, m'Chingerezi, m'mawa wa tsiku la ntchito. Amene amafikako ndi a mabanki, a mafakitale ndi a mabungwe, ndipo amalankhula za mavuto awo monga kuyenera. Mayi wa golosale wa ku Bangwe uja sangatseke shopu Lachiwiri m'mawa, kukwera minibasi ziwiri, kuti akakhale kumbuyo kwa holo kumvetsera chilankhulo chimene sachimva bwino. Onjezerani msonkhano umodzi pafupi ndi msika wa Limbe kapena wa Ndirande, Lamulungu masana anthu atatuluka kutchalitchi, ndipo ulengezedwe kudzera kwa atcheya a misika masabata awiri usanachitike. Mubwere ndi munthu wodziwa kuyankha za malire a K4 miliyoni ndi K12.5 miliyoni, chifukwa funso loyamba lidzakhala limenelo.

Ndine,
Mayi wogulitsa zolembera,
Limbe, Blantyre